Boma ndi la Dzulo, Mbumba ndi za Kale: Mabanja a Ufumu ku Petauke ndi Nyimba

Munthu wochokera ku Lusaka pa msewu waukulu wa kum'mawa, akawoloka mlatho wa Luangwa ndi kutsiriza zitunda za ku Kacholola, amafika pa Nyimba, pamene amayi amathamangira basi atasenza nthochi pamutu. Akapitirira makilomita pafupifupi 70 amapeza mphambano yopatukira ku Petauke, kumene kuli masitolo, msika, maofesi a boma ndi malo ogulirako mtedza ndi thonje. Mlendo wotere akhoza kuganiza kuti mbiri ya malo awiriwa inayamba tsiku limene munthu woyamba anatsegula sitolo. Koma ife amene michombo yathu inagwera kuno tidziwa kuti boma ndi la dzulo. Dziko lino linali ndi eni ake msewu usanalambulidwe, ndipo mbiri yake yeniyeni ili m'mabanja: m'mbumba za mafumu, m'mabanja a anyakwawa, ndi m'nyumba za anthu wamba amene makolo awo anagwetsa mitengo yoyamba.

Mbiri imeneyi ikutha pang'onopang'ono. Nkhalamba iliyonse imene tiika m'manda imapita ndi maina a makolo, malire a minda ndi zifukwa za mapangano akale. Zimene otsala sanazimve bwino ndizo zimene mawa lake zimasanduka milandu. Tsono m'nkhani ino tifuna kukumbutsana za mabanja amene anasunga dziko lino, za mmene anadutsira m'nthawi za nkhondo ndi za atsamunda, ndiponso za udindo umene ife akhristu tili nawo posunga mbiri yoona.

Eni dziko

Anthu ambiri a ku Petauke ndi Nyimba ndi Ansenga. Mfumu yawo yaikulu kuno ndi a Kalindawalo, ndipo pamodzi nawo pali a Nyamphande, a Mumbi, a Mwanjawanthu, a Sandwe ndi a Nyanje. Ku Nyimba kuli a Ndake, a Nyalugwe, a Luembe ndi a Mwape. Kale maufumu onsewa anali pansi pa boma limodzi la Petauke. Nyimba inapatulidwa kukhala boma palokha m'zaka za m'ma 1990, Sinda mu 2012, ndipo Lusangazi, kumene kuli a Sandwe, mu 2018. Malire a maboma asinthasintha chotero m'moyo wa munthu mmodzi, pamene maina a mafumu akali omwe aja amene agogo a agogo athu ankawawombera m'manja.

Akuluakulu amasimba kuti ufumu wa Kalindawalo uli pa chibale chakale ndi ufumu wa Undi wa Achewa, ndipo dzinalo amalimasulira kuti mlonda wa bwalo, ndiye kuti munthu wosiyiridwa malo kuti awayang'anire. Tanthauzo limeneli tisalipitirire msanga. Mlonda sakhala mwini wa chimene alonda. Amachisunga chifukwa cha amene anamusiyira ndi chifukwa cha amene adzabwere pambuyo pake. Chaka ndi chaka, mwezi wa Okutobala, Ansenga a Kalindawalo amasonkhana pa mwambo wa Tuwimba, pamene amakumbukira makolo, kuthokoza chifukwa cha zokolola ndi kupempha mvula ya chaka chatsopano. Pa tsiku lotere mfumu imaimirira pakati pa akufa, amoyo ndi osabadwa, monga mlonda wa onse.

Kumadzulo, cha ku zigwa za Luangwa, Lukusashi ndi Lunsemfwa, kuli Aambo, abale a Alala, amene mafumu awo monga a Luembe ndi a Mwape ndi a mtundu wa Nyendwa. Ufumu wa Mwape umadziwika chifukwa cha amayi amene akhala pa mpando wake. Mmodzi wa iwo, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, anatsogolera anthu ake polimbana ndi Achikunda, ndipo dzina lake likali kutchulidwa ndi ulemu m'midzi ya m'chigwa. Ana athu aakazi ayenera kuimva nkhani imeneyi, kuti adziwe kuti m'dziko lino mkazi kuweruza pa bwalo si chinthu chobwera ndi alendo.

Ufumu umadzera mwa amayi

Kwa Angerezi amene anadzatilamulira, dzina, nyumba ndi munda wa banja lolemekezeka zinkapita kwa mwana wamwamuna woyamba kubadwa. Kwa Ansenga ndi Aambo si choncho. Munthu amatenga mtundu wa amayi ake, ndipo mfumu ikamwalira, wolowa m'malo mwake amachokera ku mbumba: mng'ono wake wa bere limodzi, kapena mwana wa mlongo wake. Mwana wobereka mfumu amalemekezedwa ndithu, koma mpando si wake. Nchifukwa chake makolo ankasamala kwambiri kudziwa amene anabala mayi wa munthu, ndi amene anabala mayi wa mayiyo, kufikira pa kholo lalikazi limene mbumba yonse inatulukamo.

Osunga mndandanda umenewu anali amayi achikulire a mbumba. Iwo ndiwo ankadziwa bere lalikulu ndi bere laling'ono, iwo ndiwo ankaona makhalidwe a ana a alongo kuyambira ali aang'ono, ndipo pa nthawi yosankha mawu awo ankalemera. Sankayang'ana kubadwa kokha. Wouma manja, waukali ndi wosamva za anzake ankatha kumudumpha, nasankha mng'ono wake wofatsa. Lero ambiri a ife pa chitupa tinalembetsa chiwongo cha atate athu, monga Tembo, Mumba, Lungu, Mwanza, Sakala kapena Daka, ndipo achinyamata ena sadziwanso mtundu wa amayi awo. Apa ndi pamene chisokonezo chimayambira, pakuti chitupa chinena china, mwambo wa mpando unenanso china.

Zaka za nkhondo

Mabanja a ufumu amenewa anapyola m'moto. Mu Novembala 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa, Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, nakhala zaka zingapo m'dziko la Ansenga asanapitirire kumpoto. Patapita zaka, mwana wake Mpezeni anabwereranso kuno ndi gulu lake asanakakhazikike kumene lero kuli Chipata. Midzi yambiri inapasuka, anthu anathawira ku mapiri, ndipo akazi ndi ana ambiri anatengedwa. Koma taonani chodabwitsa: ana obadwa m'midzi ya Angoni anayamwa chilankhulo cha amayi awo, kotero kuti Angoni a Mpezeni lero amalankhula chilankhulo chofanana kwambiri ndi Chinsenga. Ogonjetsedwa ndi mkondo anagonjetsa ndi lilime. Pa chifukwa chimenechi Mngoni ndi Mnsenga sangathe kufotokoza mbiri ya banja lake popanda kutchula mnzakeyo.

Kuchokera kumwera kunkabweranso Achikunda, asilikali a eni maprazo a ku Zambezi, amene malikulu awo anali ku Zumbo ndi Feira. Atsogoleri awo monga Kanyemba ndi Matakenya ankatumiza magulu a mfuti m'chigwa cha Luangwa kukafuna minyanga ya njovu ndi akapolo. Mafumu ena analimbana nawo, ena anapangana nawo za malonda, ena anawapatsa akazi kuti pakhale mtendere. Tisabise: m'masiku amenewo anthu ankagulitsidwa, ndipo si alendo okha amene ankagulitsa. M'midzi yathu muli zidzukulu za ogwidwa ndi zidzukulu za ogwira, ndipo Lamulungu onse amagwada pa benchi limodzi. Mbiri yoona iyenera kunena zimenezi mosanyoza munthu, pakuti palibe amene anasankha mimba yobadwiramo.

Kufika kwa boma

Mu Januwale 1898 asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni, ndipo chaka chotsatira Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia. Dziko lalikulu la chigawo chino, kuphatikizapo mbali ya Petauke, linali m'manja mwa kampani ya North Charterland, imene inkayembekeza kupeza golide wambiri. Anakumba ndithu ku Sasare, koma chuma chimene ankalota sichinaoneke. Chimene chinaoneka ndi msonkho wa nyumba, mashiling'i 3 pa chaka, umene unayamba kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Pofuna ndalama ya msonkho amuna anayamba kuyenda pansi, kuwoloka Zambezi pa Feira kunka ku mapulazi ndi migodi ya ku Southern Rhodesia, ndipo pambuyo pake ku migodi ya mkuwa ya dziko lathu lino. Ena anabwerako ndi njinga ndi makina osokera, ena anasanduka matchona. Pafupifupi banja lililonse kuno lili ndi nthambi imene inatayika pa njira imeneyo.

Boma loyamba la Petauke silinali pamene lili lero. Linali cha ku chigwa cha Luangwa, pa malo amene mpaka pano timati Old Petauke, ndipo linasamutsidwa pambuyo pake kudza kufupi ndi msewu waukulu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 boma linadula malo otchedwa marizevu, ndipo midzi yambiri ya m'chigawo chino inasamutsidwa kuchoka pa nthaka imene kampani inkati ndi yake. Anthu atapanikizana ndipo nthaka itaguga, boma linagula malo a kampaniyo mu 1941 ndi kuyamba kubwezeramo anthu. Pa kusamuka kuwiri kumeneku midzi ina inasiya manda a makolo kutali, ina inakakhala m'dziko la mfumu ina. Mikangano ingapo ya malire imene timva lero mizu yake ili pamenepo.

Kuyambira 1930 atsamunda anayamba kulamulira kudzera mwa mafumu. Anawapatsa makhoti, akapaso ndi malipiro, nalemba m'mabuku a boma kuti uyu ndi mfumu yaikulu, uyu ndi wamng'ono, uyu ndi nyakwawa chabe. Mzungu wina wa boma, E. H. Lane Poole, anasonkhanitsa mbiri za mitundu ya chigawo chino nazisindikiza m'buku m'zaka za m'ma 1930. Ntchito yotere inapulumutsa zambiri zimene zikanaiwalika, ndipo tiyenera kuiyamikira. Komabe tikumbukire kuti bwana ankalemba zimene anamuuza munthu amene anali pa mpando tsiku limenelo, kudzera mwa womasulira, ndipo amayi a mbumba kawirikawiri sankaitanidwa pa khonde la ofesi. Cholembedwa chinauma ngati njerwa, pamene chosalembedwa chinatsala m'kamwa mwa nkhalamba.

Mishoni ndi mabanja atsopano

Nthawi yomweyo kunafika anthu a Mulungu. A mpingo wa Dutch Reformed anatsegula Nyanje mu 1905 ndi Hofmeyr mu 1914. Wansembe wa Anglican, Leonard Kamungu, anayambitsa mishoni ya Msoro namwalira komweko mu 1913. Ansembe athu a White Fathers anatsegula Minga mu 1923, ndipo kuchokera pamenepo chikhulupiriro cha Katolika chinafalikira m'midzi ya Petauke ndi Nyimba. Chigawo cha Mpingo cha Fort Jameson chinakhazikitsidwa mu 1937, chinakhala dayosizi mu 1959, ndipo chinatenga dzina la Chipata mu 1968. Palibe mishoni ndi imodzi yomwe imene inamangidwa m'malere. Iliyonse inakhala pa nthaka ya mfumu ina ndi pakati pa midzi ya mbumba zina, ndipo Mpingo uli ndi ngongole ya chiyamiko kwa mabanja amenewo.

Sukulu za mishoni zinabala mtundu wina wa mabanja odziwika. Mwana wa munthu wamba, ngakhale mdzukulu wa kapolo, akaphunzira kuwerenga ankatha kukhala mphunzitsi, katekisiti, kalaliki wa khoti la mfumu kapena wothandiza m'chipatala. Ana a anthu amenewa ndiwo anadzakhala anamwino, ansembe, masisitere ndi akuluakulu a boma dziko litalandira ufulu mu 1964. Pa boma panafikanso Amwenye ndi masitolo awo, ndipo mabanja ena a iwo akhala kuno mibadwo itatu kapena inayi. M'zaka za nkhondo ya ku Mozambique abale athu othawa anawasonkhanitsa ku Ukwimi kuyambira 1987, ndipo ngakhale ambiri anabwerera kwawo mtendere utabwera, maukwati ndi maubatizo a zaka zimenezo anasiya chibale chosafafanizika. Onsewa ndi mbali ya mbiri ya Petauke ndi Nyimba.

Mpingo unasunganso mbiri m'njira imene ambiri sitiiganizira. M'mabuku a ubatizo ndi a ukwati a maparishi akale muli maina a anthu, a makolo awo, a midzi yawo ndi a mafumu awo, olembedwa chaka ndi chaka kwa zaka pafupifupi 100. Wansembe wina wa chipani cha Ajezuiti wochokera ku Poland, Bambo Bronisław Stefaniszyn, anakhala nthawi yaitali akuphunzira miyambo ya Aambo, ndipo buku lake lonena za moyo wawo linatuluka mu 1964. Anthu amenewa anaona kuti kulalika Mthenga Wabwino kwa anthu kumafuna kudziwa kumene anthuwo achokera. Ngati alendo anaona phindu lolemba za makolo athu, nanga ife eni ake tidikira yani?

Chimene chili pa ngozi lero

Wina angafunse kuti, kodi zakalezi zitithandiza chiyani pamene feteleza wakwera mtengo ndipo ana afuna ndalama za sukulu? Yankho lili m'nthaka. Lamulo la malo la 1995 limalola kuti malo a mwambo asandutsidwe malo a pepala, a lendi ya zaka mpaka 99, mfumu ndi khonsolo zikavomereza. Malo akangotuluka chotero m'manja mwa mwambo, kubwerera kwake nkovuta. Tsono siginecha ya mfumu lero ili ndi mtengo umene makolo sanaulotepo, makamaka m'mbali mwa msewu waukulu, m'nkhalango za mitengo ya matabwa ndi kumene kwamveka miyala ya mtengo wapatali. Mpando ukakhala ndi mtengo wotere, ofuna kukhalapo amachuluka, ndipo aliyense amabwera ndi mndandanda wake wa makolo.

Taona m'chigawo chathu mipando ya ufumu ikukhala zaka m'makhoti, abale a bere limodzi osalonjerana, midzi itagawikana, ndipo nthawi zina kugawikanako kumalowa ndi m'tchalitchi momwe, kwaya mbali ino, bungwe la amayi mbali iyo. Kusintha kwa malamulo aakulu a dziko kwa 2016 kunanena kuti ufumu uzikhazikitsidwa motsata mwambo wa eni ake, osati mwa chifuniro cha wolamulira dziko. Zimenezi ndi zabwino, koma zikutanthauza kuti katundu yense wagwera pa mwambo. Mwambo ukakhala wosadziwika bwino, wopambana amakhala wa ndalama zambiri kapena wa pakamwa pakuthwa.

Vuto lomweli limafika ndi m'nyumba za ife anthu wamba. Lamulo la 1989 lonena za chuma cha munthu womwalira osasiya kalata ya chuma chake limagawa motere: magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa ena amene ankadalira malemuyo. Lamulo limeneli linabwera kudzateteza amasiye kwa olanda katundu, koma silikhudza minda ya mwambo kapena zinthu za ufumu. Choncho mayi wamasiye amene anatengedwa kukakhala kwa mwamuna akhoza kupatsidwa mipando ndi ziwiya, koma nkuuzidwa kuti munda umene walima zaka 30 si wake. Pa bwalo la nyakwawa chimene chingamuteteze ndi anthu okumbukira bwino amene anapereka mundawo, kwa yani, ndi pa mawu otani.

Malembo Oyera sazitenga mopepuka nkhani zimenezi. M'buku loyamba la Mafumu, mutu 21, Naboti anakana kugulitsa munda wa makolo ake ngakhale kwa mfumu Ahabu, ndipo pamene anaphedwa ndi umboni wonama, Mulungu anatuma Eliya kukadzudzula mfumuyo. Onani kuti chida chimene chinapha Naboti chinali mboni zabodza. Munthu wosintha dzina limodzi pa mndandanda wa makolo kuti mbale wake alowe ufumu, kapena wosuntha malire a munda m'kukamba kwake, waphwanya lamulo lachisanu ndi chitatu, ndipo bodza lake lidzapweteka ana amene sanabadwe.

Tichitepo chiyani?

Choyamba, banja lililonse ligule kope limodzi. Madzulo ena, kapena pa tsiku lotsatira maliro pamene abale asonkhana, mwana wodziwa kulemba akhale pansi ndi agogo, makamaka agogo aakazi, awafunse mwaulemu: amayi anu anali yani, nanga amayi awo, mtundu wathu ndi uti, tinachokera mudzi uti, tinasamuka chaka cha chiyani, manda athu akale ali kuti, munda uwu anatipatsa ndani? Alembe mbali zonse ziwiri, ya amayi ndi ya atate, alembenso tsiku ndi dzina la wosimbayo. Akulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo nalo limauma.

Chachiwiri, polemba tisasankhe zokoma zokha. Mateyo Woyera poyamba Mthenga Wabwino wake analemba mndandanda wa makolo a Ambuye Yesu, ndipo sanabise Tamara, Rahabu, Rute mlendo wa ku Mowabu, kapena mkazi wa Uriya. Ngati Mwana wa Mulungu sanachite manyazi ndi mndandanda wotere, ife tibisiranji kuti kholo lathu lina linali logwidwa pa nkhondo, kapena linachokera kutsidya kwa Zambezi? Pamene nkhalamba ziwiri zisiyana mawu, tilembe mawu a onse awiri, tisaweruze msanga. Kope loona, ngakhale likhale ndi mipata, liposa kope losalala lopeka.

Chachitatu, miphakati yathu ndi mabungwe a parishi athandizepo. Mphakati ungathe kupatula tsiku limodzi pa chaka loti achikulire asimbe mbiri ya mudzi ndi ya tchalitchi chawo: anapereka malo ndani, katekisiti woyamba anali yani, anabatizidwa poyamba ndani. Mabuku akale a parishi asungidwe pouma, kutali ndi chiswe, ndipo pamene zingatheke ajambulidwe. A komiti ya Chilungamo ndi Mtendere aphunzitse anthu zimene lamulo la malo limanena, kuti mudzi usadzidzimuke waya atazungulira kale dambo lomwetsako ng'ombe.

Kwa inu a mbumba za ufumu amene muli akhristu anzathu, tikupemphani ndi ulemu wonse, titagwada monga mwa mwambo: kumbukirani tanthauzo la dzina lija, mlonda wa bwalo. Ambuye Yesu anaphunzitsa ophunzira ake kuti pakati pawo wofuna kukhala wamkulu akhale wotumikira anzake. Makolo athu, asanamve Mthenga Wabwino, anali atayandikira kale nzeru imeneyi pamene ankadumpha wouma manja ndi kusankha wodziwa kusunga anthu. Ulemu wa banja la ufumu suli pa galimoto kapena pa nyumba ya malata. Uli pa midzi imene ikali ndi minda, pa amasiye amene sanathamangitsidwe, ndi pa malire amene mdzukulu adzawapeze pamene agogo anawasiya.

Mwezi wa Novembala Mpingo umatiitana kupempherera mizimu ya abale athu amene anatisiya, ndipo ambiri timapereka maina awo kuti atchulidwe pa Misa. Chaka chino tiyeni tiyese kuona kuti mndandanda wathu ungabwerere m'mbuyo mibadwo ingati. Pamene tilephere kupitirira, tipite kwa agogo akali moyo tikafunse, kope lili m'manja.